Shukudai: funso limene munthu amagona nalo

Funso: "Ndili ku Japan ndi banja langa. Bambo a kunyumba akuchita maphunziro pa yunivesite ina, ine ndinapeza ntchito pa kampani yaing'ono, ndipo mwana wathu ali m'chaka chachiwiri pa sukulu ya pulayimale ya boma. Tsiku lililonse akaweruka amati ali ndi shukudai, ndiye ndinangodziwa kuti ndi homuweki. Koma sabata yatha pa msonkhano wa kuntchito ndinafunsa funso, abwana n'kuyankha kuti 'Sore wa shukudai ni sasete kudasai', anthu onse n'kugwedeza mutu. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba. Bambo wamkulu wa imvi zake akukamba za homuweki? Kodi amatanthauza kuti funso langa linali lachibwana? Mawuwa tanthauzo lake lenileni n'chiyani?"

Mayi, mtima ukhale pansi, abwana anuwo sanakusekeni. Anakupatsani ulemu ndithu. Chimene ananena n'chakuti funso lanulo alibe yankho lake pompo, ndiye akupempha kuti apite nalo, akaliganizire kapena akafunse ena, adzabwere ndi yankho tsiku lina. Anadziika okha pa malo a mwana wasukulu, inu n'kukhala amene mwapereka ntchito. Chinakusokonezani ndi mawu athu akuti homuweki, chifukwa mawu amenewa tikawamva timangoona mwana, kope ndi nyumba. Mu shukudai mulibe mwana, mulibe sukulu, ndipo ngakhale nyumba imene ilimoyo si nyumba imene mukuiganizira.

Mawuwa amalembedwa ndi zilembo ziwiri za kanji, zilembo za Chijapani zochokera ku China: 宿題. Choyambacho, 宿, pano chikuwerengedwa shuku, koma chikaima chokha amati yado, kutanthauza malo ogona alendo. Mukachiyang'anitsitsa muona denga pamwamba, munthu kumanzere, ndipo kumanja kuli kachinthu kamene lero kamafanana ndi chilembo cha nambala 100, koma kalekale kanali chithunzi cha mphasa. Munthu, mphasa, denga: kugona usiku. Chilembochi mwakhala mukuchiona osachizindikira. Chili mu shukuhaku, kugona pa hotela. Chili mu minshuku, nyumba ya banja yogonekamo alendo. Chili mu gasshuku, pamene timu ya mpira kapena gulu la ophunzira lipita kukagona pamodzi masiku angapo likukonzekera. Chilinso m'dzina la Shinjuku ku Tokyo, 新宿, "malo ogona atsopano", chifukwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 pamalopa anatsegulapo chigono chatsopano cha apaulendo pa msewu wa Kōshū Kaidō. Harajuku nayenso ali nacho. Zigono zotere zinali ndandanda m'misewu ikuluikulu ya nthawi ya Edo, ndipo msewu wa Tōkaidō wokha, wochokera ku Edo (Tokyo ya lero) kupita ku Kyoto, unali nazo 53.

Anthu ambiri akafika apa amaima, n'kumati basi tamva, shuku ndi kunyumba, shukudai ndi ntchito ya kunyumba. Ine sindigwirizana nazo. Munthu wa ku Japan satchula kwawo kuti yado. Kwawo ndi ie kapena uchi, chilembo china chosiyana, 家. Chilembo cha 宿 chili ndi tanthauzo lachiwiri lotuluka m'loyamba lija: chinthu chimene chagona, chimene chakhalapo kuyambira kale. Shukuteki ndi mdani wa kalekale, uja mumangoti mukakumana mukudziwa kale kuti zivuta. Shukugan ndi khumbo limene munthu wakhala nalo zaka. Shukumei ndi zimene munthu anabadwa nazo, zosathawika. Palinso mawu akale a m'mabuku, shukusui, amene ndi matsire, mowa umene wagona m'thupi. Ife nsima imene yagona timati mkute. Shukudai, kunena moseka koma mosanama, ndi mkute wa funso: laperekedwa lero, lidzadyedwa mawa.

Chilembo chachiwiri, 題, ndi dai. Kumanja kwake kuli 頁, chithunzi chakale cha mutu wa munthu, ndipo tanthauzo lake loyambirira linali chipumi. Kuchoka pa chipumi chinadzakhala dzina lolembedwa pamwamba pa nkhani, kenako nkhani yeniyeniyo imene anthu akufuna kuikamba kapena kuithetsa. Apa ife sitivutika, chifukwa nafenso timati mutu wa nkhani. Chili mu daimei, mutu wa buku. Mu wadai, nkhani imene ili m'kamwam'kamwa. Ndi mu mondai, funso la pa mayeso kapena vuto, mawu amene ndikhulupirira mwawamva kambirimbiri kuntchito, makamaka mu "mondai nai desu", palibe vuto.

Mawuwa sanabadwire m'kalasi. Anabadwira pakati pa alakatuli. M'nthawi ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, anthu ophunzira ankasonkhana kudzalemba ndakatulo pamodzi, ndipo mutu wa ndakatulo unkaperekedwa m'njira ziwiri. Ukaperekedwa pompo anthu atakhala kale pa mphasa, unali sekidai, mutu wa pampando, ndipo aliyense ankayenera kuluka mawu ake nthawi yomweyo. Ukaperekedwa masiku angapo msonkhano usanafike, kuti munthu agone nawo, autafune, adzabwere ndi ndakatulo yakupsa, unali shukudai. Magulu olemba ndakatulo zazifupi za haiku masiku ano mutu woperekeratuwu amakonda kuutcha kendai, koma sekidai akadali nayo. Boma la Meiji litakhazikitsa dongosolo la sukulu za dziko lonse mu 1872, mawuwa anadzalowa m'kalasi pang'onopang'ono mpaka ana anawalanda. Choncho abwana anu aja sanabwereke mawu a ana. Tinganene kuti anawagwiritsa ntchito pafupi kwambiri ndi mmene ankagwirira eni ake akale. Anthu a ku Korea anatenganso zilembo ziwiri zomwezi, iwo amati sukje, pamene ku China kumene zilembozi zinachokera homuweki amaitcha ndi mawu ena, zuòyè.

Katchulidwe kake kali ndi msampha umodzi kwa ife olankhula Chichewa. Lilime lathu limakonda kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye mosadziwa timati "shukudaayi". Adzakumvani, koma adzadziwanso kuti ndinu mlendo musanamalize. Mawuwa ali ndi magawo anayi ofanana kutalika, shu-ku-da-i, ngati munthu akuwomba m'manja kanayi mosapupuluma. Komanso u woyambayo anthu a ku Tokyo ndi madera ambiri amangomunong'ona, moti khutu limamva ngati "shkudai". Liwu limayamba pansi pang'ono pa shu, likakwera pa ku limangoyenda chomwecho mpaka kumapeto osatsika. Mverani mwana wanu akamanena. Ana amatola zimenezi m'miyezi yochepa pamene ife akuluakulu timalimbana nazo zaka. Musasokonezenso shuku ndi mawu oima paokha akuti juku, amene si juku ya mu Shinjuku. Juku, 塾, ndi sukulu zolipira zamadzulo zimene ana ambiri amapitako akaweruka pokonzekera mayeso. Mawuwa akumveka ngati pachibale koma zilembo zake n'zosiyana, ndipo mwana akhoza kukhala ndi juku no shukudai, homuweki ya ku juku, pamwamba pa ya kusukulu.

Pa zochita zimene zimayenda ndi mawuwa, ziwiri n'zosavuta. Shukudai o suru ndi shukudai o yaru zonse ndi kulemba homuweki, kungoti yaru ndi ya pakhomo ndi pa anzako. Mayi wa ku Japan akaona mwana wagwira masewera a pa foni amafunsa kuti "Shukudai yatta no?", wachita homuweki? Zikakanika amakweza mawu: "Shukudai shinasai!" Mawu otha ndi nasai amenewa ndi a kholo kapena mphunzitsi kwa mwana, musadzawayese kwa munthu wamkulu. Mwana naye amayankha "mō owatta", ndamaliza kale, kapena "ato de yaru", ndichita nthawi ina, ndipo yachiwiriyi siifunika womasulira m'dziko lililonse.

Mawu amene amazunguza ndi dasu, kutulutsa. Mphunzitsi akapereka homuweki amati sensei ga shukudai o dasu. Mwana akabweza kope lake kwa mphunzitsi amatinso shukudai o dasu. Mawu amodzi, mbali ziwiri. Chimasiyanitsa ndi timawu tating'ono totsatira sensei: ga akusonyeza kuti mphunzitsi ndiye akutulutsa, ni akusonyeza kuti ntchito ikupita kwa mphunzitsi. Ndiye mwana wanu akati "sensei ni dashita", wapereka. Akati "shukudai ga deta", ndiye kuti homuweki yatuluka, yaperekedwa, ndipo mmene amanenera zimamveka ngati yangogwa yokha ngati mvula, popanda woimbidwa mlandu. M'makalata ochokera kusukulu muzikumana ndi mawu aulemu akuti teishutsu, 提出, kupereka ntchito, nthawi zambiri ali pambali pa deti. Deti limenelo lisungeni.

Wina wokoma ndi wasureru, kuiwala. "Shukudai o wasuremashita" akhoza kutanthauza kuti ndinaiwala kulemba, kapena ndinalemba koma kope ndalisiya kunyumba. Ana amaudziwa bwino mpata umenewu ndipo amabisalamo. Aphunzitsi nawo amaudziwa, n'chifukwa chake amafunsanso kuti waiwala kulemba kapena waiwala kubweretsa.

Popeza mwana wanu ali m'chaka chachiwiri, ndikuuzeni zimene mawuwa amanyamula pa msinkhu umenewo, chifukwa pali zina zimene sukulu imangoganiza kuti kholo lililonse likuzidziwa. M'chikwama chake cholimba chija, randoseru, muli kope lotchedwa renrakuchō. M'menemo mwana amakopera yekha zimene mphunzitsi walemba pa bolodi: maphunziro a mawa, zoti abweretse, ndi homuweki. Nthawi zambiri mzere wa homuweki umayamba ndi chilembo し (shi) chozunguliridwa, chidule cha shukudai, ndipo ana okulirapo amalemba 宿. Mwana wanu sanayambe kulemba mawuwa m'kanji chifukwa zilembo ziwiri zonsezi zimaphunzitsidwa m'chaka chachitatu. Pakadali pano amalemba しゅくだい. Chaka chamawa mudzamuona akulimbana nazo, 宿 ya mizere 11 ndi 題 ya mizere 18.

Homuweki ya tsiku ndi tsiku kawirikawiri imakhala miyendo itatu ngati mafuwa. Pali kanji doriru, kubwereza kulemba zilembo m'timabokosi. Pali keisan doriru, masamu obwerezabwereza, ndipo m'chaka chachiwiri ndi mmene amaloweza kuku, matebulo ochulukitsa kuyambira 1 mpaka 9, amene amawanena mokhala ngati nyimbo. Ndiye pali ondoku, kuwerenga mokweza ndime ya m'buku la Chijapani pamaso pa kholo, kholo n'kusayina kapena kudinda chidindo pa kakhadi. Makolo ambiri ochokera kunja amachita manyazi ndi ondoku poti sakumva zimene mwana akuwerenga. Musachite manyazi. Chimene kakhadiko kamafunsa n'chakuti mawu anamveka bwino, sanathamange, anapuma pa malo opumira, ndipo zimenezo khutu lanu likhoza kuweruza. Za zilembozo musadabwe kuti n'zatsiku ndi tsiku. Mwana amayenera kudziwa kanji 80 m'chaka choyamba, 160 m'chachiwiri, ndipo pomaliza zaka 6 za pulayimale akhale atafika pa 1,026, pa ulendo wopita ku 2,136 zimene boma linaika kuti ndi zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mulu wotere sungasenzedwe tsiku limodzi. Aphunzitsi ambiri amatchula kamuyeso kakuti chaka chimene mwana ali uchulukitse ndi mphindi 10, ndiye wanu angamakhale pa tebulo mphindi 20 kapena kupitirira pang'ono. Akamatha maola awiri akulira, lembani mu renrakuchō momwemo. Kopelo ndi la mbali zonse ziwiri.

Chinthu chimodzi chimene ndaona chikugwetsa makolo a kwathu ndi kuchonga. Sukulu zambiri zimapempha kholo kuti lichonge homuweki ndi cholembera chofiira, ndipo ntchitoyi amaitcha marutsuke, kuika mabwalo. Ku Japan yankho lolondola amalizunguliza ndi bwalo, maru. Kachizindikiro kaja timachonga nako ife tikamati wakhoza, kumeneko kawirikawiri kamatanthauza kuti walakwa, mofanana ndi batsu, ×. Tangoganizani mwana wakhoza masamu onse, mayi ake mwachimwemwe n'kuchonga tsamba lonse mwa kwathu, m'mawa mphunzitsi n'kuona ngati mwanayo walephera zonse. Zungulizani. Akakhoza bwino kwambiri mujambulireni hanamaru, bwalo lopiringizika lokhala ndi timasamba ngati duwa. Ana amalinyadira kwambiri.

Mfumu ya ma shukudai onse ndi natsuyasumi no shukudai, homuweki ya tchuthi cha nyengo yotentha. Chaka cha sukulu ku Japan chimayamba mu Epulo, ndiye tchuthi chachitalichi chimagwa pakati pa chaka, kuyambira cha pa 20 Julayi mpaka kumapeto kwa Ogasiti m'madera ambiri, ngakhale kumpoto monga ku Hokkaido chimafupikirapo. Poti mwana adzabwerera kwa mphunzitsi yemweyo m'kalasi yomweyo, amachoka atasenzetsedwa. Mumakhala mabuku a masamu ndi zilembo. Enikki, kujambula ndi kulemba zimene wachita tsiku limenelo. Dokusho kansōbun, kulemba maganizo ake pa buku limene wawerenga. Ndi jiyū kenkyū, kafukufuku wodzisankhira, kaya kuweta tizilombo, kupanga kachipangizo kapena kuyeza mmene madzi oundana amasungunukira. A chaka choyamba amabwera kunyumba atanyamula mphika wa duwa la asagao kuti azilithirira n'kumalemba mmene likukulira. A chaka chachiwiri nthawi zambiri amakhala ndi mbewu ya ndiwo monga timatimati ting'onoting'ono. Ndipo 31 Ogasiti ndi tsiku lodziwika m'dziko lonse: usiku umene banja lonse limakhala pa tebulo kuthandiza mwana amene anadya tchuthi chonse osagwira kope. Munthu wamkulu akachedwa ndi ntchito n'kumaithamangira tsiku lomaliza, anzake amamufanizira ndi mwana wa pa 31 Ogasiti, aliyense n'kuseka poti anadutsamo.

Si onse amene amaikonda. Kunabuka malonda olembera ana homuweki pa ndalama, mpaka mu 2018 unduna wa zamaphunziro unagwirizana ndi makampani a misika ya pa intaneti, Mercari, Rakuten ndi Yahoo, kuti asamalole anthu kugulitsa homuweki yolembalemba kale. Ku Tokyo, sukulu ya boma ya Kōjimachi inatchuka pamene mphunzitsi wamkulu Kudō Yūichi anathetsa homuweki. Ine maganizo anga ndi akuti kubwereza kanji kuli ndi phindu looneka, koma jiyū kenkyū ya mwana wa zaka 7 nthawi zambiri imayesa makolo, osati mwana.

Bambo a kunyumba ku yunivesite mwina samva kwambiri mawu akuti shukudai. Kumeneko, ngakhalenso ku sekondale ya kumtunda, amakonda kadai, 課題, kapena repōto ikakhala nkhani yolemba. Kadai ndi ntchito imene wapatsidwa kuti uchite, kaya m'kalasi momwemo kaya kunyumba, ndipo imamveka yachikulu. Yoshū ndi kuwerengeratu phunziro la mawa, fukushū ndi kubwereza la lero. Zimenezi munthu akhoza kuchita popanda womutuma, pamene shukudai nthawi zonse ili ndi amene anaipereka ndi amene akuidikira. Ndipo poti m'Chichewa "ntchito ya kunyumba" ikhoza kukhala homuweki kapena kusesa ndi kutsuka mbale, dziwani kuti m'Chijapani ziwirizi sizikumana. Kuphika, kuchapa ndi kukolopa ndi kaji, 家事. Mukauza mnzanu kuti Loweruka muli ndi shukudai yambiri pamene mukutanthauza zochapa, adzakufunsani kuti mwayamba sukulu yanji.

Tibwerere ku msonkhano uja. Kuntchito kadai ndi shukudai zonse zimamveka, koma sizili chimodzi. Kadai ndi vuto limene kampani ikuliona kuti liyenera kuthetsedwa, monga kuchepa kwa makasitomala. Likhoza kukhala pa pepala chaka chonse popanda dzina la munthu pambali pake. Shukudai ili ndi mwini. Munthu akati "shukudai ni sasete kudasai" kapena "shukudai to shite mochikaerimasu", ndipita nayo ngati homuweki, wavomera pamaso pa anthu kuti ali ndi ngongole ya yankho. Kumapeto kwa misonkhano yambiri wina amawerenga shukudai jikō, mndandanda wa zimene zatsala ndi amene wazisenza, ndipo msonkhano wotsatira umayamba ndi "zenkai no shukudai", homuweki ya ulendo watha. M'nyuzipepala mudzaonanso nokosareta shukudai, nkhani zimene boma kapena mtsogoleri wasiya osamaliza, zodikira amene akubwera.

Chifukwa chimene amachitira zimenezi n'chodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu kapena pa zokambirana za ukwati. Ankhoswe safulumira kuyankha nkhani yolemera asanakaonane ndi eni mbumba. Amati tamva, nkhaniyi igone, tidzabwera ndi yankho tsiku lina. M'makampani a ku Japan munthu mmodzi, ngakhale wa udindo, sakonda kulonjeza chinthu pagulu asanamve anzake a m'madipatimenti ena. Kuyankha mwaphuma n'kudzabweza mawu mawa ndi chamanyazi kuposa kunena kuti ndipatseni nthawi.

Sindikubisirani kuti nthawi zina mawuwa amakhala khomo lothawira. Pali ma shukudai amene amagona mpaka kuiwalika. Koma poyerekeza ndi "kentō shimasu", tiganizira, amene kawirikawiri amakhala kukana kovala jekete, shukudai ndi yolemera ndipo imakupatsani ufulu wokumbutsa. Dikirani msonkhano wotsatira, mwina abwera nalo okha. Akapanda kutero, apezeni paokha, osati pagulu, muyambe motere: "Senjitsu no shukudai no ken desu ga", za homuweki ya tsiku lija. Mukafika pa ga imani, osamaliza chiganizo. Iwo adzapitiriza okha. Ndipo tsiku limene inu mudzafunsidwe chinthu chimene simukuchidziwa pamaso pa makasitomala, nenani mawu omwewo amene abwana ananena kwa inu, "shukudai ni sasete kudasai", kenako muwonjezere tsiku limene mudzabwere ndi yankho.